Musatibisire matenda a mwana: mawu kwa makolo a masikauti ana asanapite ku kampu

Zikomo a mfumu, zikomo a komiti ya sukulu, zikomonso inu makolo anzanga. Ndikudziwa kuti ena mwasiya madimba osathirira, ena mwasiya chimanga pamkeka, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa kulowa.

Nkhani ya mnyamata uja wa kutsidya kwa Bua mwaimva nonse. Dzina sinditchula, ndi mwana wa eni ake. Anapita ndi gulu la achinyamata kukagona kunja masiku angapo. Tsiku lachitatu m'mamawa anatsikira kudamu kukatsuka mbale, khunyu n'kumugwira ali m'madzi. Madzi ake olekeza m'maondo, amene mbuzi imawoloka osanyowa msana. Anagwa chafufumimba. Mwayi wake mnzake anali pambuyo, anamukoka ndi malaya. Ali moyo, tithokoze Mulungu. Koma atsogoleri atafunsa, zinadziwika kuti mwanayo amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo mankhwalawo anatsala kunyumba m'kabati. Makolo anaopa kuti anthu adziwa.

Ndiye ine lero ndabwera ndi pempho limodzi. Musatibisire matenda a mwana.

Ana athu anyamuka Lolemba, abwerera Lamlungu. Sabata yathunthu ali m'manja mwathu. Kumeneko kuli moto wophikira, kuli moto wa usiku umene timazungulira n'kumaimba, kuli madzi, kuli tsiku lokwera phiri la Kasungu. Zonsezi n'zabwino, ndipo ana amabwerako atasintha. Mwana amene kunyumba sadziwa kumene kumakhala mthiko amabwera akuphika nsima yopanda mibulu. Koma moto, madzi ndi malo okwera ndi zinthu zitatu zimene zimavulaza mwana wa khunyu ngati oyang'anira sakudziwa. Komanso chimene chimadzutsa matendawa kawirikawiri ndi kudumphitsa mankhwala ndi kusagona mokwanira. Nanga ku kampu ana amagona msanga? Amacheza m'tenti mpaka tambala woyamba tikapanda kuwaletsa.

Si khunyu lokha ayi. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Chaka china tinali ndi mtsikana wa Sitandade 7, wochangamuka, wotsogolera anzake. Usiku wina kunawomba mwera, fumbi ndi utsi zonse kulowa m'tenti. Cha m'ma 1 koloko anzake anadzandidzutsa kuti akubanika. Nditamuunika ndi tochi ndinaona mapewa akukwera ndi kutsika, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Mphumu. Kachipangizo kake kopopera m'kamwa anali atakabisa m'sokosi pansi pa chikwama, chifukwa kunyumba anamuuza kuti asaonetse munthu. Tinakhuthula chikwama chonse mumdima, manja akunjenjemera, mpaka tinakapeza. Pafomu yake, imene makolo amasayina mwana asanapite ku kampu, panalembedwa kuti alibe vuto lililonse. Usiku umenewo sindidzauiwala, ndipo sindikufuna kuuonanso.

Pamenepa ndikudzudzuleni pang'ono, makolo anzanga. Fomu ija ena mumangosayina muli chiimire, maso ali kwina. Ena mumauza mwana kuti lemba wekha, ine ndidinda chala. Pogulitsa fodya mumawerenga pepala lililonse kawirikawiri, mpaka kuitana mnansi kuti akuwerengereninso. Nanga pepala la moyo wa mwana? Musatibisire matenda a mwana.

(Mayi wina anaimika dzanja: "Aphunzitsi, ine ndifunse. Ndikalemba kuti mwana wanga amagwa, simumusiya kunyumba? Komanso mudzi wonse sudziwa? Anzake azidzamuthawa.")

Zikomo mayi, mwafunsira anthu ambiri amene akhala chete. Ndiyankhe bwinobwino.

Choyamba, sitimusiya. Mwana amene akumwa mankhwala ake ndipo achipatala sanamuletse, apita ngati wina aliyense. Chimene timasintha ndi ntchito zake. Sitimutuma kukatunga madzi pachitsime, sitimuika kuti aziyang'anira moto yekha, ndipo pokwera phiri amayenda pafupi ndi mtsogoleri. Ntchito zina zonse, kumanga tenti, kumanga mfundo za chingwe, kuguba, masewero, ali nawo limodzi.

Za chinsinsi, fomu imawerengedwa ndi anthu awiri okha, ine ndi mayi amene amayang'anira atsikana ndi bokosi la mankhwala. Mankhwala timasunga ife, mwana amabwera mwakachetechete pa nthawi yake, amamwa, amabwerera kwa anzake. Izi ndikunenanso kwa inu amene ana anu amamwa ma ARV. Mankhwala amenewo sadumphitsidwa, ndipo sabata yonse osamwa ndi nkhani yaikulu. Ngati kulemba kukukuvutani, ndipezeni pambali mundinong'oneze. Zithera pomwepo.

Tsono za kuthawidwa ndi anzake, apa ndiye tiyenera kukonza maganizo tonse. Khunyu silipatsirana. Silidutsira m'malovu, silidutsira mu mpweya umene munthu watulutsa pamene wagwa, silidutsira pa mbale. Ndi vuto la mu ubongo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Chikhulupiriro chakuti ukamukhudza utenga ndi chimene chachititsa anthu ambiri kupsa, chifukwa munthu amagwera pamoto anzake n'kubalalika m'malo momukoka. Ana athu timawaphunzitsa zoyenera kuchita: chotsa zinthu zomuvulaza, ika nsalu pansi pa mutu, usamupanikize, usamuike supuni kapena chala m'kamwa, usamumwetse madzi. Akasiya kugwedezeka umugoneke chammbali kuti malovu atuluke, ukhale naye mpaka atsitsimuke. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena akagwa kachiwiri asanatsitsimuke, kapena wagwera m'madzi, ameneyo ndi wa kuchipatala msangamsanga. Ndipo ndikuuzeni mayi, mwana amene waphunzira izi sathawa mnzake. Amanyadira kuti akudziwa chochita.

Paja usikauti unayamba choncho. Kampu yoyamba, Robert Baden-Powell, amene anayambitsa usikauti, anaichititsa mu 1907 pa chilumba cha Brownsea ku England, ndi anyamata 20, ndipo anawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse ndi mtsogoleri wake wochokera mwa anyamata omwewo. Ife mpaka lero timatero. Mwana aliyense ali m'kagulu, ndipo aliyense ali ndi mnzake woyenda naye ngakhale popita kuchimbudzi usiku. Mnyamata wa kudamu uja anapulumuka chifukwa sanali yekha. Mawu athu timati khalani okonzeka. Koma ine ndikonzekera bwanji chinthu chimene mwandibisira? Musatibisire matenda a mwana, ngakhale kakhale kakang'ono: amatupa akalumidwa ndi njuchi, mtedza sumuyanja, amakodza pogona, amayenda ali m'tulo. Lembani zonse.

Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kuyang'ana njinga zawo, ndithamange.

Mwana abwere ndi bulangete ndi juzi, mwezi uno usiku kumazizira. Neti abwere nayo, udzudzu sudziwa kuti kuli tchuthi. Mbale, kapu ndi supuni zake, sopo, nsapato zotseka kuphazi, osati patapata yekha. Madzi akumwa tizithira klorini ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe, kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira, ndipo mapaketi a Thanzi tili nawo. Kusambira m'damu kapena mumtsinje n'koletsedwa, kuli likodzo. Tsiku lokaona nyama ku paki ya Kasungu avale malaya a manja aatali osakhala akuda kapena abuluu, chifukwa mitundu imeneyo imakoka kashembe, ndipo kashembe ndiye amafalitsa kaodzera. Kumeneko palibe kutsika galimoto popanda chilolezo cha oyang'anira nyama, njovu zinachuluka chibwerere zija 263 za ku Liwonde mu 2022. Foni asatenge, nambala yanga ili pafomu. Mwana amene watentha thupi Lamlungu usiku tisananyamuke, mupite naye kukayezetsa malungo kaye, adzatipeza.

Mankhwala abwere m'paketi yake ya kuchipatala, okwanira masiku 7 ndi ena apadera, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, ndipo mundipatse inuyo m'manja, osati kudzera mwa mwana. Mafomu ali patebulo apa. Amene munabweza kale koma pali china simunalembe, tengani ina, palibe akufunseni chifukwa. Ine ndikhala pansi pa mtengo wa mango uwo mpaka womaliza atapita. Zikomo a mfumu.