Makalata a omvera: BP yokana kutsika ngakhale mukumwa mankhwala

Achimwene a ku Mchinji mukufunsa ngati adyo amathetsa BP. Ayi ndithu, adyoyo thirani mu ndiwo zikome koma mankhwala musasiye. Mayi a ku Balaka moni wanu wafika, nyimbo yanu ikubwera.

Koma kalata yomwe yandikhudza sabata ino ndi ya mayi ena a ku Ndirande. Akuti akumwa mankhwala a BP amitundu itatu osaphonya koma akakayezetsa imapezeka ili pamwamba pomwepo, miyendo kufooka, minofu kukokana, usiku kumangodzuka kukataya madzi, ndiye apongozi ayamba kale zoti alipo akuwalodza.

Mayi pepani, zowawa zedi. Pa wailesi sitiyeza munthu, koma tamvani izi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal, kamatulutsa homoni ya aldosterone yomwe imapangitsa impso kusunga mchere ndi madzi n'kumataya mchere wina wofunika m'thupi wotchedwa potaziyamu. Homoniyi ikachuluka mopyola muyezo madzi amachuluka m'mitsempha BP n'kukwera, potaziyamu akachepa ndiye kufooka ndi kukokana kuja. Madokotala amati Conn's syndrome, kutengera Jerome Conn wa ku Michigan yemwe anafotokoza matendawa mu 1955. Nthawi zina chimakhala kachotupa kosakhala khansa mbali imodzi, akachotsa kachiwaloko pa opaleshoni BP imatsika, ena mpaka kusiyiratu mankhwala. Zikakhala mbali zonse ziwiri amapereka mankhwala otchedwa spironolactone.

Ndiye tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala, muwauze adokotala zonsezi, muwapemphe akuyezeni potaziyamu komanso mufunse za kuyeza aldosterone ndi renin (chinthu china cha m'magazi chomwe impso zimatulutsa), ngati n'kotheka akutumizeni ku Queens. Potaziyamu atha kutuluka bwinobwino matenda alipo, ndiye musagwe ulesi. Apongozi atengeni akamve okha, transipoti alipire iwowo!

Tsono ndikudzudzuleni pang'ono nonsenu, chifukwa makalata ngati awa akuchuluka. Wina akangomva bwino wasiya mankhwala, wina akugawana mapilitsi ndi aneba, wina ndiwo asanalawe n'komwe wathira kale mchere wina. Abale anga sitiroko imagwetsa munthu akuyenda bwinobwino. Ndipo musathamangire kukagula spironolactone nokha poti mwamva pano, potaziyamu akachulukanso amasokoneza kagundidwe ka mtima, dokotala ayenera kumakuyezani magazi.

Bambo a ku Karonga, funso lanu la shuga ndi lalitali, tilitenga sabata yamawa.