Disiki yatsopano ikakana kudzutsa kompyuta

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwadzaza mabenchi akumbuyoko. Masana ano tikambirana vuto limene ambiri okonza makompyuta kuno ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi mwakumana nalo. Munthu wagula disiki yatsopano, waimanga bwinobwino, waikamo Windows, koma poyatsa pasikirini pakungobwera mawu akuti "No bootable device". Ambiri amakwera minibasi nthawi yomweyo kubwerera m'tauni kukakangana ndi wogulitsa kuti wawapatsa disiki yakufa, chikhalirecho nthawi zambiri disikiyo ilibe mlandu. Chimene chachitika n'chakuti kompyuta sikudziwa poyambira.

Mukadina batani loyatsira, Windows siyamba yokha. Pa bodi, chipangizo chachikulu cha m'kati mwa kompyuta pamene zina zonse zimalumikizidwa, pali kapulogalamu kamene kamadzuka koyamba n'kukafufuza pa disiki mafayilo odzutsira Windows. Pa makina akale kapulogalamuka ndi BIOS, pa atsopano ndi UEFI, ndipo ziwirizi zimawerenga disiki mosiyana. BIOS imayang'ana kumayambiriro kwenikweni kwa disiki yogawidwa mwa MBR, pamene Windows yoikidwa mwa UEFI imafuna disiki yogawidwa mwa GPT, yokhala ndi kachigawo kakang'ono ka FAT32 kosungira mafayilo odzutsira aja. MBR ndi njira yakale, ndipo siitha kugwiritsa ntchito malo opitirira 2 TB. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna UEFI ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ntchito zamtunduwu zizikufikani kawirikawiri.

Tsono zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: mmene bodi yatcheredwera, mmene fulashi yoikira Windows yakonzedwera, ndi mmene disiki yagawidwira. Amene mumakonza fulashi ndi pulogalamu ya Rufus mwaona kuti imakufunsani kusankha pakati pa GPT ndi MBR, ndipo funso limenelo si lodumpha. Komanso mukatsegula mndandanda wa podzukira, pa Dell ndi Lenovo ndi F12, pa HP ndi F9, makina ena amaonetsa fulashi imodzi yomweyo kawiri, dzina lina lili ndi mawu akuti UEFI kutsogolo, lina lopanda. Khomo limene mwalowera ndi limene Windows itsatire poikidwa. Mukalowera khomo lakale pamene disiki ndi ya GPT, Windows imakana n'kukuuzani kuti singaikidwe pa disiki imeneyo.

Zikatero, choyamba zimitsani n'kulowera khomo la UEFI. Ngati ndi disiki imene ikufunika kusintha, dinani Shift ndi F10 muli pa sikirini yoikira, lembani diskpart, kenako list disk, select disk ndi nambala yake, clean, ndipo pomaliza convert gpt. Apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: clean safunsa kawiri, amafafaniza magawo onse a disiki imene mwasankha. Yang'anani kukula kwa disiki iliyonse pamndandanda musanalembe nambala, chifukwa zithunzi zaukwati za kasitomala kapena zolemba zake zakusukulu simungazibweze ndi kupepesa.

Vuto limene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi lina, ndipo linandigwera ine ndemwe. Mayi wina mphunzitsi anabweretsa kompyuta yake yapatebulo kuti ndiikemo SSD, disiki yamakono yothamanga kwambiri. Ndinaimanga, disiki yakale ndinaisiya yolumikiza, ndinaika Windows pa yatsopanoyo, ndipo makinawo anayaka mwamsanga mpaka mayiyo anaomba m'manja. Patapita masabata awiri mwana wawo anachotsa disiki yakale ija kuti asungiremo zinthu zake, ndipo kompyuta inangoti zii, osadzukanso. Mayiyo anabwera nayo atainyamula m'chitenje, mayeso a ana ake a Folomu 4 ali momwemo, nkhope ili yakugwa. Chimene chinachitika n'chakuti Windows, itapeza kachigawo kodzutsira pa disiki yakale, inalemba mafayilo ake mmenemo m'malo mopanga kena pa SSD. Nyumba inali yatsopano, koma kiyi wake anali kusungidwa ku nyumba yakale. Ndinachita kudula kachigawo ka FAT32 pa SSD ndi kulembamo mafayilowo pogwiritsa ntchito lamulo la bcdboot, ntchito imene ikanapeweka ndikanazula chingwe chimodzi chokha. Kuchokera tsiku limenelo sindiika Windows disiki yakale ili yolumikiza, ndipo ndikukupemphani nanunso muzitero: zulani kaye, ikani, yatsani kawiri katatu kuti mutsimikize, kenako lumikizaninso.

Nthawi zina disiki siioneka n'komwe pamndandanda. Onani ngati yalowa bwino, ndipo kumbukirani kuti M.2, SSD yaing'ono yolowetsa pa bodi penipeni, ilipo mitundu iwiri, ya SATA ndi ya NVMe, ndipo si malo onse olowetsera amene amalandira mitundu yonse iwiri. Pa malaputopu ena atsopano a Intel pamafunika kuika dalaivala wa Intel RST, kapulogalamu kothandiza Windows kuona disiki, kuchokera pa fulashi, kapena kusintha m'matcheredwe a bodi kupita ku AHCI, njira ina yolumikizirana ndi disiki.

Chomaliza chikukhudza makina akaunjika amene ambiri timagula. Pa bodi pali kabatire kozungulira ngati khobidi, CR2032, kamene kamasunga matcheredwe makina akazima. Kakatha mphamvu, pa makina ambiri magetsi akangothima matcheredwe onse amabwerera mwakale, ndipo kompyuta imene inadzuka bwino dzulo lero ikukana. Chizindikiro chake ndi tsiku ndi nthawi zobwerera zaka zambiri m'mbuyo. Ndabweretsa makina awiri ali patebulo apa, ena ndawatchera molakwika dala, ndiye ndikupempha achinyamata anayi abwere kutsogolo kuno adzatipezere pamene palakwika.