Achemwali, musatumize kaye ndalama ya PS5 ija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ine kuno ku Britain ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba, moti ndikulankhula ndili m'majekete awiri. Ndangoweruka kumene, ndili pa siteji kudikira basi, ndiye mukamamva phokoso la magalimoto musadabwe. Uthengawu utalika pang'ono. Mukamaliza kumva mumupatse mphwangayo foniyo amvenso yekha, chifukwa zina zimene ndinenezi inu mungoti malume ake ayamba kulankhula malilime.

Zithunzi zija ndaziona, za PS5, makina osewerera magemu aja, imene mwana wanuyo wapeza pa Facebook. Musatumize ndalama. Maganizo otsegula malo osewerera magemu m'chipinda chapanja chija sindikuwakana ayi, ndi abwino kuposa kumangokhala pakhomo kudikira zotsatira za mayeso. Chimene ndikukana ndi makinawo. Tsegulani chithunzi chachiwiri chija muyang'ane kutsogolo kwake. Mukuona polowetsa disiki? Palibe. Mbali zonse ziwiri n'zofanana, zosalala. Imeneyo ndi imene amati Digital Edition, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake ukuoneka wofewa.

Pamene a Sony ankatulutsa PS5 mu Novembala 2020, anatulutsa ziwiri. Yokhala ndi polowetsa disiki kuno inkagulitsidwa mapaundi 449.99, yopanda disiki mapaundi 359.99. M'kati mwake n'zofanana, mphamvu imodzimodzi, kusiyana ndi kabowo kameneko basi. Kwa munthu wa kuno, amene amalipira intaneti ya m'nyumba kamodzi pamwezi n'kumaigwiritsa ntchito mmene wafunira, kupulumutsa mapaundi 90 n'kwanzeru. Akafuna gemu amangodina, n'kupita kukagona, m'mawa yalowa. Nanga kwathuko? Gemu ya mpira yokha imadya magigabayiti makumi angapo. Call of Duty imapitirira 100. Inuyo bandulo imene mumagula ija, imene mumandiuza kuti ndisamatumize mavidiyo chifukwa imatha msanga, ndiye ikokere zimenezo? Gemu imodzi ikhoza kudya bandulo ya banja lonse mwezi wathunthu, ndipo netiweki ikadukiza pakati ndiye kuyamba kutukwana.

Ndiye pali nkhani ya kugula kwakeko. Makina opanda disiki amagula magemu malo amodzi okha, m'sitolo ya pa intaneti ya PlayStation. Potsegula akaunti amakufunsa dziko, ndipo Malawi mulibe pa mndandanda wawo. Anthu amasankha South Africa kapena Britain, kenako n'kumasaka makadi a ndalama a dziko limenelo, chifukwa khadi la dziko lina sililowa pa akauntiyo. Kutanthauza kuti nthawi iliyonse akafuna gemu, foni izilira kwa ine. Ndipo gemu yogula choncho sungaigulitsenso, sungasinthane ndi mnzako. Pamene disiki ndi katundu wogwirika. Watopa nayo, umagulitsa kapena kusinthana ndi mnzako wa ku Ndirande, ndipo kuno madisiki ogwiritsidwapo kale ali mbwee m'masitolo ngati CeX, ena otsika mtengo kuposa chakudya chamasana.

Ndisakunamizeni kuti disiki imathetseratu nkhani ya intaneti. Magemu amafunabe kuwonjezeredwa zina nthawi ndi nthawi. Mwachitsanzo disiki ya gemu ya mpira ya FC 24 ili ndi Mbappé akusewerabe ku PSG, pamene munthuyo anapita ku Real Madrid mu 2024, ndiye anyamata adzadandaula ndithu. Koma adzadandaula akusewera, ndalama atalipira kale.

Iwe mphwanga, ngati ukumva, tenga cholembera. Pa makina alionse pamakhala kapepala kolembedwa nambala ya mtundu wake, ndipo pa katoni imalembedwanso. Ya PS5 imayamba ndi CFI. Ikathera ndi chilembo A, ndi ya disiki. Ikathera ndi B, ndi yopanda disiki. Wogulitsa akamazemba kujambula kapepala kameneko, mtaye. Ndikudziwanso zimene undiyankhe, uti malume, masiku ano polowetsa disiki amagulitsa padera. Inde, kuyambira pa PS5 yaing'ono ija ya mu 2023, imene anthu amati Slim, ukhoza kugula n'kulumikiza. Koma pa yakale yaikulu ija ya 2020 sichilowa, ndipo ya pachithunzi chako ndi yakaleyo. Ngakhale pa yatsopanoyo, ukalumikiza koyamba imafuna intaneti kuti ichizindikire, ndipo ukaphatikiza mitengo iwiriyo supulumutsa kanthu.

Za PS5 Pro usandiuze n'komwe. Inatuluka mu Novembala 2024 pa mapaundi 699.99, yopandanso disiki. Ubwino wake umaoneka pa TV yaikulu ya 4K, munthu atakhala pafupi n'kumayang'anitsitsa udzu wa m'bwalo. Pa TV ya mainchi 32 imene amayi ako akufuna kukubwereka ija, n'chimodzimodzi kuvala suti popita kudimba.

Tsopano achemwali, apa ndi pamene tikangane ndi mwana wanuyo, chifukwa ine maganizo anga ndi akuti PS5 tiisiye kaye yonse. Ndalama imene mwasonkha inu ndi alamu, kuphatikiza imene ndinalonjeza ine, igule ma PS4 Slim awiri ogwiritsidwapo kale ndi mapadi okwanira, zogwira m'manja posewera zija. Ndikudziwa nkhope yake yagwa pomwepo. Koma taganizani. Pa malo a magemu ndalama imabwera ndi anthu amene akhala pampando. Makina amodzi, anthu awiri akusewera, ena khumi ayimirira kumbuyo kumangokuwa ulele. Makina awiri, ndalama ikulowa pawiri nthawi imodzi. Ndipo tsiku limene amodzi adzafe, pakuti adzafa ndithu, chitseko sichitsekedwa.

Komanso ana a m'dera lathu lija amabwera kudzasewera chiyani? Mpira. Mpira m'mawa, mpira madzulo, Arsenal ndi Man U mpaka kutsala pang'ono kumenyana. Gemu imene tonse timangoitchula kuti FIFA ija inasintha dzina, yomaliza inali FIFA 23, kenako inakhala EA Sports FC, ndipo FC 24, FC 25 ndi FC 26 zonse zinatulukanso pa PS4. Akatopa ndi mpira amafuna ndewu, Mortal Kombat 11 kapena Tekken 7, ena GTA V kumangoyendetsa galimoto mopenga. Zonsezo zilipo pa PS4, pa disiki.

Nkhani ina imene mwanayo sanaiganize ndi magetsi. PS5 ikamasewera gemu yolemera imakoka mawati pafupifupi 200. PS4 Slim simafika ngakhale theka lake. Magetsi akazima, monga amachitira, n'kufuna kudalira batire ndi inveta ya alamu ija, kusiyana kumeneko ndi kumene kudzanene ngati atseka 3 koloko kapena afika madzulo ana ataweruka kusukulu, nthawi imene ndalama imalowa.

Ndiye mapadi. Amene sanayendetsepo malo otere amaganiza kuti chodula ndi makina, koma chimene chimadya phindu ndi mapadi. Manja a anthu makumi angapo patsiku, wina wangodya kumene chipisi, wina wagoletsedwa chigoli mphindi yomaliza n'kumenyetsa padi pa bondo. Timitengo toyendetsera tija timayamba kudwala, wosewera m'gemu n'kumathamanga yekha munthu usanakhudze. Padi ya PS5 yatsopano kuno imapitirira mapaundi 50, ndipo magemu a PS5 salola padi ya PS4, imangogwira pa magemu a PS4 okha. Pamene mapadi a PS4 ali ponseponse, zipangizo zake zimapezeka, anyamata okonza mafoni mumsika amawatsegula n'kusintha kamtengoko. Chenjezo n'lakuti abodza achuluka kwambiri. Ukainyamula n'kumva kupepuka ngati chikho chapulasitiki, imeneyo simaliza mwezi.

Ma PS4 nawonso alipo atatu, mphwanga, usangomva dzina. Yoyamba ya 2013, yaikulu ija, nambala yake imayamba ndi CUH-1. Yakalamba, ndipo zambiri fani yake imalira ngati ndege ikunyamuka pa Chileka. Mu 2016 munatuluka ziwiri, Slim imene ndi CUH-2, ndi Pro imene ndi CUH-7. Pro ndi ya TV ya 4K, imadya magetsi ambiri, nayonso imachita phokoso. Ife tikufuna CUH-2. Ndipo apa usasokoneze zilembo zija. Pa PS4 zonse zili ndi disiki, ndiye A akutanthauza malo osungira a magigabayiti 500, B akutanthauza terabayiti imodzi, kuwirikiza kawiri. Tikapeza B ndi bwino, chifukwa ngakhale gemu ya pa disiki imayamba yadzikopera m'makina isanaseweredwe, ndipo 500 imadzadza ndi magemu ochepa chabe.

Kuipa kwake ndikuuzeni ndekha, asadzati malume anabisa. PS4 ikupita kumapeto. Mortal Kombat 1 ndi Tekken 8 sizinatuluke pa PS4, ndipo GTA VI imene achinyamata akuidikira ija ndi ya PS5 ndi Xbox zatsopano basi. Tsiku lina mpira nawonso adzasiya kuutulutsa pa makina akalewa. Koma pofika nthawi imeneyo, ngati akusunga ndalama, adzagula PS5 ndi thukuta lake, ya disiki, ndipo madisiki a PS4 amene tigule panowa pafupifupi onse amasewera pa PS5 ya disiki. Pa yopanda disiki ija angakhale ongokongoletsa pa shelefu.

Wina akhoza kumunyengerera za Xbox Series S poti ndi yotchipa, inayamba pa mapaundi 249.99. Nayonso ilibe polowetsa disiki, ndipo kukoma kwake kuli pa Game Pass, yolipira mwezi ndi mwezi n'kumakoka magemu pa intaneti. Vuto lomwe lija. Komanso makasitomala ake zala zawo zinazolowera mabatani a PlayStation.

Dikirani, basi iyi si yanga. Eya, ndipitirize.

Chinanso chimene chandikayikitsa pa malonda a pa Facebook aja ndi mawu akuti muli kale magemu khumi. Ine zinandionekera chaka changa choyamba kuno. Ndinagula makina kwa munthu wina tinakumana pamalo oimika magalimoto, magemu ali tho, ine kusangalala kuti ndatola. Patangotha masabata awiri ndikuyatsa, gemu iliyonse ili ndi kachizindikiro ka loko. Magemuwo anali a pa akaunti yake, iye atagula makina ena anasamutsa akauntiyo, ine ndinatsala ndi zithunzi zokha. Nambala yake sinkalowanso. Ndiye magemu a m'kati musamawawerengere pa mtengo, si anu. Palinso makina ena amene anawabowola kuti azilowetsa magemu okopera. Amenewo sungawawonjezere pulogalamu yatsopano osataya zonsezo, magemu atsopano amavuta, ndipo ukawalumikiza pa intaneti a Sony akhoza kuwatsekera. Ine ndalama yanga isapite kumeneko.

Ndiye ndikuganiza motere. Ndigula ine konkuno m'sitolo, ndiwayese ndekha kunyumba sabata yathunthu, ndisunge malisiti. Mwayi wake pulagi ya kuno ndi yofanana ndi yakwathu, ya mano atatu aja, ndipo mphamvu ya magetsi ndi imodzi, ndiye palibe chosintha. Mnzanga wa kutchalitchi akubwera mu Disembala, wavomera kunyamula m'chikwama cha m'manja kuti asaphwanyike. Malisitiwo ndimupatsa chifukwa pabwalo la ndege a MRA akhoza kufunsa, ndipo inu musungeko kandalama pambali ka msonkho, tisadzachite manyazi munthu atatithandiza.

Ngati mwanayo sangapirire mpaka Disembala n'kufuna kugula konko, asapereke ndalama asanaone makinawo akugwira ntchito. Apite ndi disiki, ailowetse, aitulutse, ailowetsenso. Asewere mphindi 30 akumvetsera fani ndi kuona ngati sakuzima okha akatentha. Agwedeze pang'ono waya wa HDMI kumbuyo, chithunzi chikamathima ndiye kuti polowetsa pake panatha, ndipo kukonza pamenepo n'kodula. Ayang'anenso timapepala tomata kumbuyo, ngati tinang'ambidwa ndiye kuti wina analowamo kale.

Panopa ntchito yake ndi kukonza chipinda. Alamu amugulire chotetezera magetsi chenicheni, chifukwa chimene chimapha makinawa ndi mmene magetsi amabwerera ndi mphamvu akazima. Makina asakhale pansi pa simenti, akhale pa shelefu pomwe mpweya ukudutsa, chifukwa fumbi la mu Okutobala lija likadzadza m'kati ndiye kutentha. Akatseka madzulo azizimitsiratu n'kuzula pa soketi, asamawasiye ali mtulo nyali ya olenji ikuyaka, magetsi akaduka ali choncho zinthu zimasokonekera m'kati. Ndipo musaseke, mphemvu zimakonda PS4 kwabasi, zimalowa kukafuna kufunda n'kukapsereza za magetsi. Ndiye zodyera mandasi pamwamba pa makina ayi. Ana ovala yunifolomu nthawi ya sukulu asamawalole, sindikufuna kumva kuti makolo abwera kudzakalipa pakhomo panu.

Basi yanga ndi iyi ikubwerayi. Mundijambulire kumbuyo kwa TV ija ndione ngati ili ndi polowetsa HDMI, ndipo mufunse alamu ngati TV yachiwiri ipezeke, chifukwa makina awiri pa TV imodzi sizitheka. Mundiyankhe pofika Lachisanu, Loweruka sindikugwira ntchito ndiye ndikhoza kupita m'tauni kukayang'ana. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndipo amayi muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndagula kale, abwera limodzi ndi katunduyu.