Zithunzi za oimba jazi pa wailesi ya kanema yakale, ndi chifukwa chosungira zathu

A mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata a m'magulu oimba, zikomo pobwera ngakhale kunja kuli mitambo. Nonse mwamva zimene zinachitika kuseri kwa msika sabata yatha: denga linadontha usiku wonse, katoni ya zithunzi za malemu agogo amene ankaimba lipenga m'mabandi akale inanyowa, zithunzi n'kumatirirana moti palibe chinapulumuka. Chenjezo langa ndi limodzi: chithunzi chizikhala pouma, ndipo kumbuyo kwake kuzilembedwa dzina, malo ndi chaka.

Pa 8 Disembala 1957, kanema wa CBS ku New York anaulutsa pulogalamu yotchedwa The Sound of Jazz, mmene woimba jazi Billie Holiday anaimba atakhala pampando wautali, atazunguliridwa ndi akatswiri a saksofoni monga Lester Young, Coleman Hawkins ndi Ben Webster. Woimba bezi Milt Hinton, amene sankasiya kamera yake kunyumba, anajambula anzakewo pa nthawi yokonzekera, akudikira ndi kucheza, zinthu zimene oonera kunyumba sanazione. Mu 1959 Young ndi Holiday onse anamwalira. Zithunzizo zili ndi mtengo lero chifukwa zikudziwika kuti ndi za ndani, kuti, ndiponso liti. Inu ana anga mumajambulana pa siteji Loweruka lililonse, koma zonse zimathera m'foni, ndipo foniyo ikabedwa m'minibasi mumalira foni, osalira zithunzi. Dzina, malo ndi chaka.

Mnyamata wina kumbuyo: "Bambo, nanga si zonsezo zili pa YouTube?"

Wafunsa bwino mwana wanga, koma zimene ukuziona kumeneko ndi zotsala chabe. M'zaka za m'ma 1950 mapulogalamu ankaulutsidwa pamene oimba akuimba, ndipo akamaliza zinali zitapita. Ofuna kusunga ankaika kamera ya filimu kutsogolo kwa galasi la kanema n'kujambula zimene zikuonekazo, n'chifukwa chake mafilimu ambiri a nthawiyo amaoneka ngati muli chifunga. Matepi a vidiyo anabwera mu 1956, koma anali okwera mtengo, choncho ankawafufuta n'kujambuliramo zina, ndipo ngakhale BBC ku London inachita zomwezo. Hazel Scott, woimba piyano, anali ndi pulogalamu yakeyake pa kanema wa DuMont mu 1950, pa nthawi imene zinali zachilendo kuti munthu wakuda apatsidwe mpata wotere, koma palibe gawo la pulogalamuyo limene likudziwika kuti linatsala. Woimba Edie Adams anachitira umboni kuti mafilimu ambiri a DuMont anatayidwa m'madzi ku New York m'zaka za m'ma 1970. Filimu ya akatswiri a jazi Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie ya mu 1952 inangopulumuka mwamwayi. Ngati makampani olemera anataya zawo chonchi, musaganize kuti Facebook idzakusungirani zanu mpaka adzukulu anu akule. Kuno kwathu wailesi ya kanema inayamba mu 1999, kutanthauza kuti oimba athu ambiri akale sanaonekepo pa kanema, ndipo nkhope zawo zili m'makatoni a pansi pa bedi.

Ndaona kuti ena ayamba kuyang'ana kumwamba, choncho ndifulumire. Chotsani zithunzi pansi ndi kufupi ndi khoma, muziike m'envulopu ndi m'chitini chotsekeka bwino chifukwa cha chinyezi ndi chiswe. Lembani kumbuyo ndi pensulo, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera. Funsani agogo mayina akadali ndi moyo. Jambulani chilichonse ndi foni, mutumizire m'bale wokhala kwina, ndipo za m'foni zofunika muzitsukitse. Chithunzi chonyowa musachiyanike padzuwa, chiyanikeni pamthunzi nkhope ili m'mwamba. Amene ali ndi zithunzi za mabandi alembetse mayina kwa alembi asanatuluke.