Chigayo chili kuseri kwa mpanda, koma kufikako ndi ulendo

[Kanema: kanjira kafumbi kothera pa mpanda wa njerwa]

Taonani kanjira aka. Kathera pa mpanda wa njerwa, pamwamba pake magalasi a mabotolo. Kuseri kwake kuli chigayo, phokoso lake mukulimva. Koma kuti mukafikeko ndi thumba la chimanga, mubwerera mpaka ku msewu waukulu, muzungulire, wakabaza akudyeni ndalama.

Moni nonse. Lero tikambe chifukwa chake mzinda ukamakula malo oyandikana amasanduka akutali.

[Kanema: mapu a Lilongwe]

Lilongwe idakhala likulu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba. Okonza mapulani adaimwaza dala: City Centre uku, Old Town uko, pakati nkhalango. Manambala a ma Area adatsata nthawi yomwe malowo adakhazikitsidwa, osati kuyandikana, n'chifukwa chake mlendo amasochera. Mu 1977 munali anthu pafupifupi 99,000. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Tsono misewu ya mzinda imaluka mitundu iwiri. Ina ili ngati ukonde, mphambano ponseponse. Mukapeza masamba a maliro pamsewu, mumangokhota n'kudzera wina. Ina ili ngati mtengo: tinjira tothera pageti timalowa mu nthambi, nthambi zonse n'kuthira mu thunthu limodzi. Aliyense wopita kuntchito, kumsika kapena kuchipatala akakumana pa thunthupo. Mzere wa magalimoto pa M1 m'mawa umabadwa choncho.

Si ife tokha. Mu 2020, akatswiri ofufuza Christopher Barrington-Leigh ndi Adam Millard-Ball atasanthula mapu a misewu ya dziko lonse lapansi adapeza kuti m'maiko ambiri misewu yatsopano ikulumikizana mochepa kuposa yakale.

[Kanema: tinjira ta ku Mtandire]

Chodabwitsa n'chakuti ku Mtandire kapena ku Chinsapo woyenda pansi sasowa podzera. Tinjira tachidule ndi mbwee, kuseri kwa bafa, pakati pa nyumba ziwiri. Ambulansi ndiye siilowa. Ndipo tinjirato tilibe pepala lotiteteza. Wina akagula puloti n'kumanga mpanda, njira yomwe ana ankadzera popita kusukulu imatsekeka tsiku limodzi.

Kukuza msewu wa Kenyatta kwathandiza, sindikana. Koma kumeneko n'kunenepetsa thunthu, nthambi zikadali zosakumana. Kwa ine nkhondo yeniyeni ili kumalire a mzinda, kumene minda ya chimanga ikudulidwa mapuloti lero lino. Wogulitsa safuna kutaya malo posiya msewu wodutsa, chifukwa kwa iye ndi puloti ina imeneyo. Nyumba zikangomangidwa, kuboola msewu pamenepo kumafuna kugwetsa makoma ndi kulipira chipukuta misozi khomo ndi khomo.