Chifukwa chake mafuta otsala pansi pa nthaka amanka nachuluka pamene akupopedwa

Zikomo amfumu, zikomo nonse amene mwabwera. Bambo ali kumbuyoko afunsa funso labwino: zimatheka bwanji kuti dera lipope mafuta kwa zaka zambirimbiri, koma akatswiri n'kumanena kuti otsala achuluka kuposa kale?

Tiyeni tipite ku California, m'dziko la America, pafupi ndi mzinda wa Bakersfield. Kumeneko kuli malo otchedwa Kern River, komwe anapeza mafuta mu 1899. Pofika 1942, atapopa kwa zaka 43, akatswiri anawerengera kuti kwatsala migolo 54 miliyoni. Mgolo umodzi ndi malita 159. Tsono mvetserani: kuyambira 1942 mpaka 1986 anapopa migolo 736 miliyoni, ndipo atawerengeranso anapeza kuti kwatsala 970 miliyoni.

Kodi pansipo panabadwa mafuta atsopano? Ayi ndithu, amayi. Kuti mafuta apangike pamadutsa zaka mamiliyoni. Akatswiri akamatchula mafuta otsala, sawerengera onse amene ali m'miyala. Amawerengera okhawo amene angawatulutse ndi makina omwe alipo, pa mtengo woti kampani ipezepo phindu.

Mafuta a ku Kern River ndi olimba ngati uchi wa mu June, safuna kuyenda. Kale ankangopopa pang'ono pomwe patsikira m'chitsime, ambiri n'kutsalira m'mchenga. M'zaka za m'ma 1960 anayamba kulowetsa nthunzi yotentha pansi kudzera m'mapaipi. Mafuta aja atatenthedwa anasungunuka n'kuyamba kutsikira m'zitsime. Omwe dzulo ankati sangatuluke, analowa m'chiwerengero. Chitsime chilichonse chatsopano chinkawaphunzitsanso kumene miyala ya mafuta yalekezera, poti poyamba amawerengera mochepetsa dala kuopa kulonjeza zomwe kulibe.

Ku Prudhoe Bay ku Alaska, dera lina la ku America komweko, zinaterenso. Atapeza mafuta mu 1968 ankayembekezera migolo 9.6 biliyoni, koma apopa kale yopitirira 13 biliyoni.

Musachoke pano mukuganiza kuti mafuta satha. Kern River lero sikutulutsanso ngati m'ma 1980. Komanso chiwerengerochi chimatha kubwerera m'mbuyo: kupanga nthunzi kumadya ndalama, ndiye mtengo wa mafuta ukagwa pa msika, zitsime zina zimatsekedwa ndipo mafuta ake amafufutidwa m'mabuku, chikhalirecho akadali pansi pompo.