Ed Seykota: katswiri wa misika ya ndalama yemwe sankakhalira kuyang'ana mitengo

[Chithunzi: nkhope ya Ed Seykota, kenako tchati cha mitengo]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikamba za bambo wina wa ku America, dzina lake Ed Seykota, mmodzi mwa anthu oyambirira kugwiritsa ntchito kompyuta pogula ndi kugulitsa pamisika ya ndalama. Mu 1972 kasitomala wina anamupatsa madola 5,000 kuti amuyendetsere. Pofika pakati pa chaka cha 1988, akaunti ija inali itakula ndi maperesenti oposa 250,000. Werengerani bwino pamenepo: dola iliyonse inali itabereka madola pafupifupi 2,500. Nkhaniyi inatchuka mlembi Jack Schwager atacheza naye n'kusindikiza zokambirana zawo mu 1989.

Anthu ambiri akamva nambala imeneyi amafunsa kuti, pulogalamu yakeyo inali yotani? Ine funso limene limandikoka ndi lina: anali munthu wotani kuti athe kumvera pulogalamuyo kwa zaka 16 osaisokoneza?

Seykota anabadwa mu 1946. Zina mwa zaka za unyamata wake anakhala ku Netherlands, kenako anakaphunzira ku yunivesite ya MIT komwe anamaliza mu 1969 ndi madigiri awiri, ya uinjiniya wa zamagetsi ndi ya kayendetsedwe ka bizinesi.

Malonda ake oyamba anali a siliva, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Boma la America linali kusiya kugulitsa siliva amene linkasunga, ndiye mnyamatayu anaona kuti nkhaniyo ndi yosavuta: siliva achepa pamsika, mtengo ukwera basi. Ali mkati modikira nthawi yabwino yogulira, broker wake, munthu womugulira ndi kumugulitsira pamsika, anamunyengerera kuti ayambe wabetcha kuti mtengo wa kopa utsika. Analuza. Kenako anagula siliva uja, ali ndi chikhulupiriro chonse, koma mtengo m'malo mokwera unayamba kutsika mpaka anatuluka ataluzanso. Maganizo ake sanali opusa ayi. Vuto linali loti nkhani imene iye ankaidziwa, msika wonse unali utaidziwa kale, ndipo mtengo unali utaimeza kale iye asanagule.

Nthawi yomweyo anawerenga zolemba za Richard Donchian, mkulu wina wobadwa mu 1905, yemwe ankanena kuti munthu angathe kupeza phindu pongotsatira kumene mtengo ukulowera, osalabadira chifukwa chake. Njira ya Donchian yotchuka inali yowerengera mtengo wapakati wa masiku 5 apitawa ndi wa masiku 20 apitawa. Wa masiku 5 ukadutsa pamwamba pa wa masiku 20, gula. Ukagwera pansi pake, gulitsa. Seykota sanakhulupirire kuti chinthu chophweka chonchi chingagwire ntchito, ndiye anaganiza zochiyesa.

[Chithunzi: makadi obowola ndi kompyuta yakale yodzaza chipinda]

Kuyesako kunali ntchito. Masiku amenewo pulogalamu inkalembedwa pa makadi obowola, khadi lililonse mzere umodzi. Unkanyamula mulu wa makadi, makina n'kuwawerenga limodzi limodzi, iwe n'kudikira mayankho papepala. Kabowo kamodzi kakalakwika, uyambirenso. Zimene lero foni ya m'manja imachita m'masekondi, iye zinkamutengera nthawi yaitali, ndipo pa kampani ina imene ankagwirako ntchito ankachita kubwera kumapeto kwa sabata kuti agwiritse ntchito kompyuta yowerengera ndalama ya kampaniyo. Zotsatira zinaonetsa kuti Donchian sankanama.

Ntchito yake yoyamba pa kampani ya ma broker inali yolondola msika wa mazira ndi nkhuku za nyama. Inde, mazira ndi nkhuku, chifukwa pamisika ya futures anthu amagulitsana mapangano a katundu wodzaperekedwa m'tsogolo pa mtengo wogwirizana lero, ndipo wogula amangoika kachikole kochepa poyerekeza ndi mtengo wonse wa katunduyo. N'chifukwa chake phindu limakula msanga, ndipo kuluza nakonso kumakula msanga chimodzimodzi. Pa makampani amenewa Seykota anaona chinthu chimene chinamunyansa. Kampani imadya komishoni nthawi iliyonse kasitomala akagula kapena kugulitsa, choncho mabwana ankafuna malonda ambirimbiri, pamene pulogalamu yake inkati dikirani. Ena ankachita kulowererapo n'kusintha zimene pulogalamuyo yanena. Anachoka ali ndi zaka za m'ma 20, n'kuyamba payekha ndi makasitomala owerengeka.

Tsopano tilowe m'njira yakeyo, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani.

Choyamba kuyang'ana ndi trend, kumene mtengo wakhala ukulowera kwa nthawi yaitali. Kenako maonekedwe a tchati panopa, kenako malo abwino olowera. Nkhani za m'nyuzipepala ndi malipoti a zachuma amaziika kutali kwambiri kumapeto, ndipo tikakumbukira za siliva uja sitingadabwe. Iye salosera kuti mtengo udzafika pati. Ukakwera amakwera nawo, ukatembenuka amatsika.

Koma asanalowe n'komwe, amakhala atadziwa kale potulukira. Amaika stop loss, mtengo umene waikiratu kuti akaluza kufika pamenepo atuluke, nthawi yomweyo imene akugula, ndipo mtengo ukamayenda momukomera amasuntha stop loss ija kuti izitsatira pambuyo. Anauza Schwager kuti amayesetsa kuti malonda amodzi asamudyere maperesenti ofika 5 a mpamba wake.

[Chithunzi: bolodi, manambala akulembedwa]

Tiyeni tipange chitsanzo chathuchathu kuti zimveke. Muli ndi mpamba wa madola 10,000 ndipo mwatsimikiza kuti pa malonda amodzi simulola kutaya zoposa peresenti imodzi, kutanthauza madola 100. Chinthu chimene mukufuna chili pa madola 50, ndipo tchati chikukuonetsani kuti mtengo ukagwa kufika pa 48 ndiye kuti munalakwitsa. Pa chilichonse mukhoza kutaya madola awiri. Gawani 100 ndi 2, mupeza 50. Mugula 50 basi, ngakhale mtima ukukuuzani kuti malonda awa ndi otsimikizika. Mwaona kuti kuchuluka kwa zogula kwachokera pa ndalama imene mwalola kutaya, osati pa phindu limene mukulota?

Ndiye tinene kuti mwachita malonda 10. Asanu ndi awiri aluza, 100 aliwonse, zonse pamodzi 700. Atatu ayenda bwino ndipo mwawasiya athamange: ena abweretsa 150, ena 400, ena 900. Pamodzi 1,450. Mwalakwitsa kasanu ndi kawiri pa maulendo 10, koma mwatsala ndi phindu la madola 750. Tsopano chotsanimo malonda a 900 aja, tinene kuti munachita mantha n'kugulitsa phindu litangofika pa 100. Mwatsala ndi chiyani? Mwaluza madola 50. Njira yonseyi yatsamira pa malonda ochepa akuluakulu, ndipo simungadziwiretu kuti akuluwo ndi ati.

Mbali inayo ndi yoopsa kuposa pamenepa. Mukataya maperesenti 10 a mpamba, mufunika phindu la maperesenti 11 kuti mubwerere pomwe munali. Mukataya theka, mufunika kuchulukitsa zotsalazo kawiri. Mukataya maperesenti 90, mufunika kuzichulukitsa ka 10. N'chifukwa chake Seykota akafunsidwa malamulo a malonda abwino, amabwereza chinthu chimodzi katatu: kudula zoluza zikadali zazing'ono.

Chimene chimathyola anthu pa njira imeneyi ndi whipsaw. Mtengo wakwera, pulogalamu yati gula, mwagula. Mawa lake watembenuka, wagunda stop loss, mwatuluka. Patapita masiku atatu wakweranso, mwalowanso, wagwanso. Zimenezi zikhoza kuchitika kwa miyezi msika ukakhala kuti ukungozungulira malo amodzi, ndipo mpamba umaphwa pang'onopang'ono inu mukuona. Apa ndi pamene ambiri amati pulogalamuyi yatha ntchito, amaisiya, ndipo sabata yotsatira trend yaikulu imayamba iwo ali panja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha uku ndalama zikutuluka m'thumba si chinthu chimene munthu amabadwa nacho.

[Chithunzi: nyanja ya Lake Tahoe, kenako banjo]

Apa ndi pamene moyo wake wa kunja kwa msika umalowera, ndipo ine ndimauona ngati mbali ya njira yakeyo, osati zongotayitsa nthawi. Schwager atamuyendera anamupeza akukhala m'mbali mwa nyanja ya Lake Tahoe, kutali kwambiri ndi phokoso la misika ikuluikulu ya ku Wall Street ndi Chicago. Pa desiki pake panalibe makina oonetsa mitengo mphindi iliyonse. Msika ukatseka ankalowetsa mitengo ya tsikulo, pulogalamu n'kumuuza zochita mawa, ntchito yatha m'mphindi zochepa. Munthu amene sakuyang'ana mtengo ukuvinavina tsiku lonse sayesedwa kuti asinthe maganizo ka 20 patsiku.

Seykota ndi woimbanso banjo. Anafika popeka nyimbo yonena za whipsaw yemweyu, n'kuiimba ndi anzake, ndipo inafalikira pa YouTube. Taganizirani, chinthu chimene chimagonetsa anzake ndi mutu waching'alang'ala, iye anachisandutsa nyimbo yoti anthu aziomba m'manja. Zikundionetsa munthu amene analandira kuluza kwakung'ono ngati mtengo wolipira kuti akhalebe pamsika.

Mu 1992 anayambitsa gulu lotchedwa Trading Tribe. Mungaganize kuti kumeneko amakambirana za matchati, koma ayi, amakambirana za mumtima. Wina amakhala pakati n'kufotokoza zimene zimamuchitikira, mwina mantha akamafuna kulowa, mwina mkwiyo umene umamuchititsa kubwezera msika akaluza, ndipo anzake amamulimbikitsa kuti amve chimene akumvacho mpaka pamapeto m'malo mochithawa. Maganizo a Seykota ndi oti munthu aliyense amapeza pamsika chimene akufunadi pansi pa mtima, ngakhale amene akuluza. Wina amafuna chisangalalo cha kubetcha, wina amafuna kuti anthu amumvere chisoni. Mawu amenewa ndi owawa, ndipo sindigwirizana nawo onse, chifukwa pali anthu amene amaluza kaamba kosadziwa kapena kunamizidwa ndi ogulitsa maloto. Koma ndi oona pa munthu amene amachotsa stop loss yake mtengo ukayandikira, akudziwa bwino lomwe chimene akuchita.

Tisaiwale kuti timamva za Seykota chifukwa iye anapambana. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ku Ulaya la ESMA linapeza kuti pakati pa maperesenti 74 ndi 89 a maakaunti a anthu wamba ochita malonda a CFD, obetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika osagula katundu weniweniyo, amaluza ndalama. Komanso iye anayamba m'zaka za m'ma 1970, pamene mitengo ya katundu inkayenda maulendo ataliatali ndipo anthu a makompyuta pamsika anali owerengeka. Lero pulogalamu ya masiku 5 ndi 20 aliyense ali nayo pafoni.

Mmodzi mwa anthu amene anaphunzira kwa Seykota ndi Michael Marcus, yemwe anali ataluza ndalama zake kangapo asanakumane naye. Pambuyo pake, ali ku kampani ya Commodities Corporation ku Princeton, anakuza akaunti ya madola 30,000 kufika pa madola 80 miliyoni, ndipo iyenso anaphunzitsa Bruce Kovner, katswiri winanso wa misika, yemwe poyamba ankayendetsa takisi ku New York. Za Marcus tidzakamba mu vidiyo yotsatira.